Bolodi la Madamu pa khola la abakha

"Kodi foni yanuyo inayamba yamufunsapo mwanayu ngati wamva?"

Anakuwa choncho agogo anu aakazi, Abiti Saidi, ataima pakati pa bwalo, chipande chili m'manja, alendo ena amene anali atangotsanzika asanafike n'komwe pamsewu. Inu mumawadziwa ngati munthu wofatsa amene amakubisirani zitumbuwa. Tsiku limenelo mawu awo anamveka mpaka kumzikiti. Ine ndinachita zomwe ndimachita nthawi zonse ndikalakwa: ndinakweza mawu kuposa iwo. Ndinati pakhomo pano munthu wamkulu amene anapondako kusekondale ndine ndekha, choncho za maphunziro asazilowerere. Iwo anandifunsa ngati ndikunena sekondale yomwe anandithamangitsa ija kapena ina.

Ana inu, ndikulemba izi chifukwa cha iwe Twaibu. Sabata yatha unandiuza, uku ukutafuna chimanga changa chootcha, kuti aphunzitsi atha ntchito, zonse zili m'foni, ukaifunsa ikuyankha ngati munthu. Ndinakukalipira ndipo unapita kukauza mayi ako kuti agogo ayamba ukalamba. Si ukalamba, imvi zanga n'zowerengeka. Ndinapsa mtima chifukwa unalankhula mawu anga enieni, amene ndinalankhula ine zaka zingapo zapitazo, ndipo wolipira mawu amenewo sindinali ine.

Mumamva kuti mayi anu aang'ono, Asiyatu, anabwereza Folomu 3 chifukwa anadwala. Sanadwale. Bodza limenelo analipeka agogo anu aakazi pofuna kundiveka nsalu. Chaka chimenecho ndinamudyera ndine, ndipo panatsala pang'ono kuti ndimudyere sukulu yonse.

Ndiyambire kutali, mupirire. Ife sukulu yathu yoyamba inali madrasa, kuseri kwa mzikiti kwa Mponda. Mwana aliyense anali ndi ubao wake, kathabwa kosalala kolembapo ndi inki ya mwaye. Ukaloweza ndime unkakaima pamaso pa mwalimu n'kuinena. Akagwedeza mutu unkakatsuka ubao wako n'kulemba ina. Kuyambira pamenepo chinakhazikika m'mutu mwanga n'chakuti mwana amene wanena zonse osapunthwa ndiye wadziwa. Chimene ndinadzaiwala n'chakuti mwalimu uja ankayang'ana pakamwa pako. Lilime likagona molakwika ankakubweza, ngakhale kakhumi, mpaka anzako kupita kukasambira iwe uli pompo.

Ku pulayimale bolodi tinkalisamala tokha. Lachisanu lililonse tinkasinja makala, kusakaniza ndi masamba a mbatata, n'kupaka ndi manja mpaka zikhatho kuda ngati kunsi kwa mphika. Iwe Halima, amene umalira galasi la foni likangochita kamzere, ukanathawa tsiku loyamba. Chakudya cha pa buleki chinali chinangwa chophika ndi usipa wouma m'thumba la kabudula. Usipa umenewo ndi umene unandiphetsa. Ndili Folomu 3, mphunzitsi wina wochokera kumtunda anandiuza pamaso pa kalasi kuti ndikakhale kumbuyo chifukwa ndikununkha nsomba. Ndinamugenda ndi dasitala. Iye ndinamuphonya, windo sindinaliphonye. Sukulu yanga inathera pamenepo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndikaona munthu wa choko m'manja, ndinkamuona ngati mdani. Analakwa ndi munthu mmodzi, ine ndinasunga mlandu wa onse.

Bambo anga, amene anali msodzi wa boti la thanga, sanandimenye. Anandikweza pa lole ya nsomba yopita ku Chembe, msewu wake uli wa miyala nthawi imeneyo, woti ukafika mano onse akugwedera. Anakandisiya kwa Che Bwanali, wokonza mainjini a maboti. Mkulu ameneyo sankafotokoza zambiri. Ankaima kumbuyo kwako n'kumapuma. Ukagwira nati yolakwika, sipanala inkatera pa zala. Nthawi zina ankaliza injini n'kundiuza kuti nditsinzine, ndinene chomwe ikudandaula. Ndinakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndinamuda masiku ambiri mwa masiku amenewo. Nditachoka kumeneko ndinapeza ntchito pa loji ina ku Nkopola, komwe ndili mpaka lero.

Pa loji paja anadzagula mainjini atsopano, a mawaya ambirimbiri ndi kabokosi koganiza. Panalibe wondiphunzitsa. Ndinatenga foni, kufufuza mavidiyo a anthu akunja akumasula mainjini omwewo, ndipo m'milungu itatu ndinali nditawadziwa. Izi n'zoona, sindikukometsera. Abwana anandiyamikira pamaso pa antchito onse. Ndinabwera kunyumba chifuwa chili patsogolo ngati tambala, ndikunena mumtima kuti anthu a choko aja tsopano aona.

Kenako kunabwera mliri uja, sukulu n'kutsekedwa. Asiyatu anali Folomu 3. Mphunzitsi wake wina, Madamu Chikoko, mayi wa Chianglikani wochokera kutsidya la kum'mawa, ankakhala nyumba zingapo kuchokera pathu, kungodutsa kamsika. Anaitana atsikana asanu a m'dera lathu kuti azibwera pakhonde pake m'mawa, atalikirane, aziphunzira. Analibe polemba. Agogo anu aakazi anandinyengerera, ine ndinatenga pulayiwudi yotsala pokonza boti, kuidula bwino, kuikhomera mafelemu, kuipaka utoto wakuda. Linali bolodi labwino. Zimenezo zokha ndinganyadire m'nkhani yonseyi.

Tsiku lina sindinapite kuntchito, ndinakaima pampanda pawo kumvetsera. Ola lathunthu Madamu anali pa samu imodzi. Ankafunsa mwana uyu, kufunsa uyo, kufufuta, kuyambiranso, kenako kutuma wina kuti akatole timiyala. Ine m'thumba mwanga munali bambo wa m'vidiyo amene ankatha masamu khumi m'mphindi khumi, wosatsokomola, wosatopa. Ndinalowa osaodira. Ndinawauza kuti akutaya nthawi ya ana, ndipo ndinatulutsa foni kuwaonetsa. Anaonera mwaulemu mpaka kumapeto. Anati bamboyo akuphunzitsa bwino ndithu, ndipo atsikana angamamuonere madzulo, koma iye sangaone nkhope ya mwana. Ndinati nkhope ya mwana siilembedwa pa mayeso. Apo nawonso mtima unawakwera pang'ono. Anati, "Che Jafali, inu konzani mainjini, ana tisiyireni."

Sananene za nsomba. Koma ine ndinamva za nsomba. Ndinanyamula bolodi langa, samu ili pakati, atsikana akuyang'ana, ndipo ndinauza Asiyatu kuti atsogole. Pofika kunyumba ndinapeza chitseko cha khola la abakha chitathyoka. Ndinakhomerapo bolodi lija. Samu ya Madamu inakhala pamenepo, abakha akuiwerenga, mpaka mvula inaifufuta.

Ndinayamba sukulu yangayanga. Kuntchito kunali intaneti, choncho tsiku lililonse ndinkakopera maphunziro m'foni yakale imene ndinamupatsa Asiyatu: sayansi, masamu, jogalafe, zonse m'Chingerezi chosalala. Iye ankakhala pakhonde, timawaya m'makutu, kuyambira m'mawa. Madzulo ndikaweruka ndinkakhala pampando ngati mwalimu, iye n'kuima patsogolo panga kunena zomwe waphunzira. Ankanena osapunthwa. Mwana ameneyu ku madrasa ankaposa anyamata onse poloweza, ndipo apa ankachita chimodzimodzi. Ine ndinkagwedeza mutu, kufufuta vidiyo ija ngati ndikutsuka ubao, mawa kubweretsa ina. Ndikamufunsa ngati zikuyenda ankati, "Zikuyenda, ababa." Mwana wanga akanayankha chiyani china? Inu nomwe mukamva njinga yanga pampanda mumatsitsa wailesi.

Sukulu zitatsegulidwa, anzake anabwerera. Ine ndinakana. Ndinati m'kalasi muli ana ochuluka ngati usipa pa thandala, aphunzitsi ena amafika dzuwa litakwera, mwana wanga adzalemba mayeso ngati wapadera ndipo adzawaposa onse. Zina mwa zimenezo zinali zoona, ndipo choona chikagwera m'manja mwa munthu wamakani chimasanduka chibonga. Madamu anabwera kawiri kudzapempha. Ulendo woyamba ndinawalandirira chiimire. Wachiwiri ndinawauza kuti ngati akufuna bolodi lawo akapemphe kwa abakha. Agogo anu aakazi ankangoti mwanayu wasiya kuseka, ine ndinkati ndiye kukhwima kwakeko.

Inatha teremu yathunthu. Sukulu zili pa holide tinachita sadaka ya malemu bambo anga. Kunabwera abale, asodzi akale amene ankayenda nawo panyanja, ndi Che Bwanali amene anakwera matola kuchokera ku Chembe, maso atayamba kuchita khungu. Madamu nawo anabwera kudzathandiza kuphika mpunga, chifukwa kwathu kuno pa maliro ndi pa sadaka sitifunsana za mpingo, ngakhale mwini nyumba akhale chitsiru. Pemphero la dua litatha, anthu atadya, dzuwa lili paliwombo, satana anandinong'oneza. Ndinaitana Asiyatu kuti adzaime pakati pa bwalo aonetse alendo zomwe waphunzira popanda mphunzitsi.

Anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndinamuuza kuti afulumire.

Anasankha phunziro la jogalafe. Ana inu, Chingerezi chinatuluka pakamwa pa mwana uja ngati madzi a pampopi. Ngakhale kakwezedwe ka mawu kanali ka bambo wa m'vidiyo uja. Azimayi anasiya kutsuka mbale, akuluakulu akuti Mashaallah. Pomaliza, osasintha nkhope, ananenanso mawu aja amene mwini vidiyo amatsanzikira nawo, opempha kuti amene wasangalala adine kabatani ndiponso auze anzake. Pabwalo ponse amene tinamva zimenezo tinali awiri, ine ndi Madamu. Iwo anayang'ana pansi. Ine khutu linamva, koma mtima unakana. Ndinawaitana mokweza kuti amufunse chilichonse chomwe akufuna. Anakana, anati lero ndi tsiku la malemu. Ndinati kapena akuopa. Ndinabwereza katatu, mpaka anapukuta manja pa chitenje n'kusendera.

Sanafunse m'Chingerezi. Anafunsa motsitsa, m'Chichewa.

"Asiyatu mwana wanga, mphepo waifotokozayi, iweyo unayamba waimvapo?"

"Ayi, Madamu. Imeneyo ndi yakunja, kumayiko a nyanja zamchere."

Pamene ankayankha choncho, kamphepo kochokera kunyanja kanali kakukupiza mpango wake, kakukankhira utsi wa pamafuwa kumaso kwa alendo.

Che Bwanali anafunsa kuti kodi mwanayu amanena za chiyani nthawi yonseyi. Madamu anandiyang'ana. Ndinayenera kumasulira ndine, ndi pakamwa panga: phunzirolo linali lofotokoza chifukwa chake masana mphepo imachokera kunyanja kubwera kumtunda, pamene m'bandakucha imachokera kumtunda kupita kunyanja. Asodzi akale aja anayang'anana. Mmodzi anaseka, osati monyoza, anangodabwa. Anati imeneyo si ndi yomwe malemu ankapita nayo m'mamawa n'kubwerera nayo masana, thanga litafufuma? Mdzukulu wa mwini sadaka, wobadwira pamchenga, ankayesa kuti mphepo ya agogo ake ili kutsidya la dziko.

Che Bwanali anatembenukira komwe kunkamveka mawu anga. Anati, "Iwe Jafali, mainjini a m'foni aja unawamva chifukwa zala zako ndinaziswa kale ndine. Mwanayu wamuswa zala ndani?"

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pamandiwotcha mpaka lero. Sindinapse mtima ndi ine mwini. Sindinapse mtima ndi foni. Ndinatembenukira mwana uja, pamaso pa anthu onse, n'kumuuza kuti wandichititsa manyazi, miyezi yonseyi wakhala akusewera. Sanalire pomwepo. Anagwada pang'ono mwaulemu, monga tinamuphunzitsira, n'kulowa m'nyumba. Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, ena mpunga wonyamula osautenga.

Ndi pamene agogo anu aakazi anakuwa mawu ndayamba nawo aja. Titakalipirana mokwanira, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope, kundiponyera pachifuwa. Iwo sawerenga Chingerezi, koma anati ndione kumapeto kwake, kumene mwana amalemba akamalira.

Kutsogolo kwa kope kunali manotsi aukhondo, okopedwa mawu ndi mawu. Kumbuyo kunali mafunso, masamba asanu ndi limodzi, m'Chichewa. Lililonse linkayamba ndi mawu amodzi: Madamu. "Madamu, ngati mpweya wotentha umakwera m'mwamba, bwanji pamwamba pa phiri pamazizira?" Ine funso limenelo sindikanaliyankha, ndipo si funso la mwana wosewera. Lina linati, "Madamu, apa ndabwereza kasanu koma bamboyu akungonena chimodzimodzi." Panalibe ngakhale limodzi loyamba ndi Ababa. Nyumba ya Madamu inkaoneka tikaima pampanda pathu, ndipo mwana anakhala miyezi yonseyo akuwalembera mafunso amene sankatha kukawapatsa chifukwa choopa ine.

Iwe Twaibu udzati foni za masiku ano n'zina, zimayankha. Mwina. Funso la phiri lija mwina ikanamuyankha, ndipo ine foni sindinaitaye, dzulo lomweli yandithandiza pa pampu ya mafuta. Koma imayankha chimene wafunsa. Za mphepo zija Asiyatu sakanafunsa, chifukwa sankadziwa kuti sakuzidziwa. Panafunika munthu woima patsogolo pake, woona mpango ukukupiza ndi maso ali mbee, woti adziwe pomwe pathyoka. Ndipo usandiuze kuti aphunzitsi ena ndi aulesi kapena achipongwe. Ndikuwadziwa kuposa iwe, mmodzi ndinamugenda. Koma injini ikavuta sutaya boti.

Tsiku limenelo sindinadye chamadzulo, ndipo palibe anandikakamiza.

M'mawa mwake nditaswali kumzikiti ndinatenga hamala n'kupita kukhola. Abakha anatuluka mokondwa. Bolodi lija linali litatupa m'munsi, lodzaza zitosi ndi matope. Ndinalikwecha ndi mchenga pa mjigo, amayi otunga madzi akundiyang'ana, osafunsa. Utoto unali utasupuka. Ndinasinja makala mumtondo wa agogo anu, kuthyola masamba a mbatata kuseri kwa bafa, n'kupaka ndi manja monga tinkachitira Lachisanu. Ndinaitana Asiyatu. Ndinangomuuza kuti atenge kope lake lija. Anandiyang'ana zikhatho zakudazo, n'kupita kukalitenga.

Njinga ndinaisiya. Ndinasenza bolodi pamutu. Njira yachidule yodzera kuseri inalipo, koma polichotsa ndinadzera pamsika anthu akuona, choncho polibweza ndinadzeranso pomwepo. Pa mathandala oyanikapo usipa wina anakuwa kuti Che Jafali ayamba Sitandade 1. Anthu anaseka. Tsiku lina lililonse munthu ameneyo akanameza mano. Ndinangoyenda, makala akuyoyokera m'khosi.

Tinapeza Madamu akusesa. Ndinaodira, ulendo uno. Sanafulumire kuyankha, anamaliza kaye mzere womwe ankasesawo, ine bolodi lili pamutu. Kenako anandilozera pomwe linkakhala. Nditalitsamiritsa ndinavula chipewa n'kunena kuti ndinalakwa, ndinawanyoza pakhomo pawo ndi pakhomo panga, ndipo ndabweretsa mwana. Anati zonyozazo zapita ndi mphepo, koma teremu yomwe yapita siibwerera: akalankhula ndi ahedi, ndipo mwanayu ayenera kubwereza Folomu 3, anzake akupita patsogolo. Asiyatu anamva. Sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako kunandipweteka kuposa sipanala ya Che Bwanali.

Madamu analandira kope, kutsegula kumbuyo, kuwerenga ataima. Anawerenga masamba onse asanu ndi limodzi. Atatha anamuuza Asiyatu kuti akhale pamkeka, ayambira funso loyamba. Ine ndinavala chipewa kuti ndizipita.

"Che Jafali, musapite." Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi mabeseni awiri. "Ili mukadzaze mchenga, ili madzi a m'nyanja. Mudzaike apa padzuwa. Masana mwanayu adzapisa dzanja monsemo, aone chomwe chatentha msanga. Inunso mudzabwere, mudzapise lanu."

Kuntchito ndinali nditachedwa kale. Ndinanyamula mabeseni aja, lina kudzanja ili lina kudzanja ili, n'kutsetserekera kunyanja.